Chaka cha Malata

Limbe,
3 Januwale 2024

Okondedwa Mayi a Millie,

Moni wa chaka chatsopano. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi apongozi. Kunena ine ndinafika bwino, kungoti chimfine chimene ndinachitenga m'nyumba mwathumo sichinandisiyebe.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Nkhani yake ndi yomweyo.

Masiku anayi amene ndinakhala kumeneko pa Khirisimasi, mvula inandipeza pabedi katatu. Tinakokera bedi kukhomo, inatitsatira. Tinatchera beseni, poto, mpaka mbale ya ndiwo. Ndili m'basi pobwerera ndinadzifunsa kuti, iwe Alufeyo Makawa, zaka zisanu ndi zinayi ukulondera sitolo ya malata, tsiku ndi tsiku ukuona malata a anthu ena akutuluka pageti, iwe mwini ukugona pansi pa udzu wowola. Manyazi ulibe?

Choncho ndatsimikiza mtima. Chaka chino ndi chaka cha malata. Zoti malipiro akwera tiiwale. Koma ndaona kuti ndalama zathu sizitulukira pakhomo ayi, zimatayikira m'timabowo, ngati ufa m'thumba lodyedwa ndi makoswe. Tikatseka timabowoto, Disembala tikhoma.

Kuyambira lero mayunitsi a foni asagulidwenso. Nkhani zonse zizidzera m'kalata. Ndagwirizana ndi a Ashraf, dalaivala wa lole ya nanazi ija, kuti azitinyamulira ulere, poti amadutsa pa Milonde kawiri pamwezi. Shuga mu tiyi supuni imodzi, yopanda phiri pamwamba. Sopo akatsala kachidutswa musataye, muziphatika pa watsopano. Kabaza ayi, Mulungu anatipatsa miyendo iwiri aliyense. Alendo akabwera muziwapatsa moni wambiri ndi madzi akumwa.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chotsala chilichonse muziika padera.

Mundiyankhe kuseri kwa pepala lomweli.

Ndine mwamuna wanu,
Alufeyo


Milonde,
15 Januwale 2024

Bambo a Millie,

Kalata yanu yafika ikununkhira nanazi. Ife kuno tili bwino, amayi okha ndiwo akudandaula bondo. Mwana wanu Millie ndi mwamuna wake akupereka moni. Chimanga chamera bwino, nandolo tabzala.

Malamulo ndawawerenga kawiri, kenaka ndawawerengera amayi. Atamva za shuga anafunsa ngati mwayamba udokotala ku Limbeko. Atamva za alendo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mkamwini ameneyu anali bwinobwino pa Khirisimasi."

Ine sindikukana. Dengali inu linakudontherani masiku anayi, ine limandidonthera dzinja lonse. Malata ndikuwafuna kuposa inu. Koma ndafunafuna m'kalatamo, sindinapeze mzere wonena zimene musiye inuyo. Tiyi wosakoma ndi wanga, miyendo ndi yanga, manyazi pamaso pa alendo ndi anga. Inu mwasiya chiyani?

Lamulungu kunabwera akuluampingo awiri. Ndinawapatsa moni katatu monga munanenera. Anamwa madzi, anayang'ana kukhitchini, anayamba kukamba za mkazi wamasiye uja amene anaphikira mneneri ndi ufa wake wotsiriza. Ndinawauza kuti iye uja anali wamasiye, ankalamulira yekha ufa wake.

Ndalama ya feteleza wobereketsa mutumize msanga. Chimanga sichinamve za malamulo anu.

Ndine,
Lines


Limbe,
10 Febuluwale 2024

Mayi a Millie,

Moni nonse. Ndalama ya feteleza ndawapatsa a Ashraf, muwerenge pamaso pawo.

Mwafunsa zimene ndasiya ine. Funso limeneli landipweteka. Minibasi ndinasiya. Ndimanyamuka ku Bangwe wapansi kukafika ku Limbe, kubwerera chimodzimodzi. Nsapato yakumanzere yayamba kuseka kutsogolo, koma ndaimanga. Yakumanja ikadali yolimba ndithu, ndipo ndikuganiza kuti vuto ndi kapondedwe kanga, choncho ndikuyesetsa kulemera mbali yakumanja. Kwa ometa ndinasiyanso kupita. Ndevu sizidya kanthu, zimangomera zokha. Masana ndimadya chinangwa chimodzi chophika, ndikamwera madzi ambiri chimafufuma m'mimba. Foni ndimatchajitsa kamodzi pamlungu.

Koma chachikulu ndi ichi. Ndapeza munthu wondisungira bwino kuno ku Bangwe, dzina lawo Mayi Saida. Lachinayi lililonse ndikaweruka ndimapita kwawo, ndipo ndikalandira malipiro ndimayamba kaye ndaonekera kwa iwo. Poyamba ndinkachita manyazi kuti anthu aziti chiyani, bambo wamkulu ngati ine, koma tsopano ndazolowera. Mayi amenewa ndi osamala zedi pa zinthu zawo. Anandiuza kuti ndikakhala wokhulupirika osajomba, Disembala ndidzasangalala.

Ndikanafotokoza zambiri koma pepala latha, ndi lisiti ya simenti imene ndinatola pageti.

Alufeyo


Milonde,
6 Malichi 2024

A Makawa,

Moni. Ife tilipo. Feteleza tinathira, zikomo.

Pepala lanu linathera pamalo pabwino kwambiri. Za nsapato munafotokoza mizere isanu, za ndevu iwiri, koma pofika pa Mayi Saida pepala latha. Ine kuno ndang'amba pepala lalikulu m'kope la kwaya, ndiye ndifunsa momasuka. Mayi Saida ndi ndani? Akukusungirani chiyani chimene ine ndalephera kusunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri? Malipiro aziyamba aonekera kwa iwo, ine ndili kuno kuphatika zidutswa za sopo?

Ndinawafunsa a Ashraf. Poyamba anati iwo ndi dalaivala chabe, maso awo amakhala pamsewu. Nditawapatsa mandasi awiri anakumbukira kuti anakuonani Lachinayi lina ku Bangwe mutakhala pakhonde pakati pa azimayi, mukuomba m'manja, mano onse ali panja. Kuno mumaseka liti?

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake foni inaletsedwa.

Kunena za foniyo, ndagulitsa. Chinthu chosaimba, chosaitana, chongodya ndalama yotchajitsa, ndichisungirenji? Wagula ndi Hopewell, wa kabaza wa ku Limbuli uja, ndipo ndamupatsa ndi kakhadi kake komwe, ine ndikanatani nako. Ndalamayo ndagula fulawa ndi mafuta. Ndikukazinga mandasi n'kumagulitsa kwa othyola tiyi akamaweruka. Tsiku la malipiro dengu limatha dzuwa lisanapendeke. Fulawa ndimakatenga ku Limbuli, wapansi, pamutu, monga mwa lamulo.

Ine malamulo anu ndikusunga. Lija munalonjeza kutchalitchi pamaso pa anthu, inu mukulisunga?

Mundiyankhe pa pepala lokwanira. Ngati palibe, ng'ambani thumba la simenti.

Lines


Limbe,
21 Epulo 2024

Mayi a Millie,

Moni, ngati moni wanga mukumufunabe.

Miyezi iwiri yatha chilembereni kalata, yankho palibe. A Ashraf sakuoneka kumsika. Kalata iyi ndawapatsira Mayi Emma ogulitsa nthochi aja, ndipo ndawalipira ndi kuwanyamulira madengu anayi.

Ndinadikira, ndinadikira, mpaka mtima unakana. Dzana ndinaphwanya lamulo langa ndekha. Ndinagula mayunitsi a K200, ndinaimba nambala yanu. Inaitana katatu. Anayankha mwamuna wa mawu onenepa, ngati munthu amene wangodya kumene.

Ndinati, "Ndikufuna mwini wake."

Iye anati, "Mwini wake ndine tsopano, bwana."

Ndinati, "Kuyambira liti?"

Anati, "Mwezi wathawu. Anachita kundiitana okha, ine sindinawakakamize. Anati amuna awo safunanso zimenezi."

Ndinati, "Ukudziwa kuti ukulankhula ndi ndani?"

Anati, "Ayi, koma ngati nanunso mukufuna kunyamulidwa, nenani muli pati."

Mayunitsi anathera pomwepo.

Mayi a Millie, ine ndikudya chinangwa chimodzi patsiku. Anzanga akundiitana kuti mneneri chifukwa cha ndevu. Ana a ku Bangwe akandiona amathawira kuseri kwa amayi awo. Zonsezi ndikuchitira denga la nyumba imene kukulowa mwamuna wina? Malata amenewa ndikhomera ndani? Mwina ndifunse mwini wakeyo ngati akufuna oyera kapena obiriwira.

Foni ndazimitsa, sindifuna kumvanso mawu amenewo. Muwauze ankhoswe, achimwene anu a Austin, kuti pali nkhani.

Ndine amene ndinali mwamuna wanu,
A. Makawa


Likhubula,
2 Meyi 2024

Alamu,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino, osati chifukwa mukumuyenera.

Mwaitana ankhoswe, ndipo ine Austin ndavomera. Ndangotsika m'phiri dzana ndi alendo amene ndimawanyamulira katundu, ndapita ku Milonde, ndaona ndi maso angawa.

Mlongo wanga Lines anathyoka mwendo pa 9 Epulo. Ankachokera ku Limbuli atasenza thumba la fulawa, mvula ikugwa, wapansi, chifukwa munthu wina wanzeru ku Limbe analetsa kabaza. Anaterereka potsetsereka pakamtsinje paja. Galimoto ya hayala imene inapita naye kuchipatala ku Boma inadya ndalama zokwanira kukwera kabaza mpaka Yesu adzabwere. Panopa ali m'chikhakha, Millie ndiye akumusamalira.

Kalata yanu inamupeza ali chigonere. Anaiwerenga, anaipinda, sanalankhule tsiku lonse. Inu mumamudziwa Lines. Akakhala chete ngakhale nkhuku zimayenda mwaulemu pabwalo.

Foni yanu ndayesa kasanu, ndi yozima. Za mwamuna wa pafoni sindilemba, tidzakambirana maso ndi maso, pamodzi ndi za Saida wanuyo. Ndikubwera mlungu wamawa. Musayese kuthawa, ine miyendo yanga ndi ya m'phiri.

Mukonze ndiwo zabwino.

Austin


Bangwe,
11 Meyi 2024

Chemwali,

Ndikhulupirira mwendo ukupola. Amayi uwapatse moni. Ine ndili moyo koma ndili ndi njala.

Ndinafika Lachitatu. Pageti pa sitolo ndinapeza nkhalamba ina yowonda, yandevu, nsapato imodzi yomanga ndi waya. Ndinati, "Pepani abusa, ndikufuna a Makawa." Nkhalambayo inati, "Alamu, mwendo uli bwanji?" Chemwali, mawu onse amene ndinawanola m'basi anandithawa. Munthu uja watha. Kolala ya yunifolomu ikumuzungulira khosi ngati mkombero wa lichero. Kalata yanga inali m'thumba la malaya, itathetheka ndi kuwerengedwa. Tchuthi anapempha tsiku lomwe anailandira, abwana ake akuti adikire kutha kwa mwezi.

Kunyumba tinapita wapansi. Ine amene ndimakweza zikwama za azungu mpaka pa Sapitwa ndinafika lilime lili panja. Tiyi amene anandipatsa anali madzi ofunda amene anangomvako mbiri ya shuga.

Lachinayi ndinati, "Tiyeni kwa Saida wanuyo." Sanakane. Anangoti tifulumire chifukwa kuchedwa kuli ndi chindapusa. Ndinadabwa kuti chibwenzi chamtundu wanji cholipiritsa chindapusa.

Tinapeza azimayi khumi ndi asanu ndi anayi atakhala pakhonde, pakati pawo pali bokosi lachitsulo la maloko atatu. Chemwali, ndi banki mkhonde! Mayi Saida ndi wapampando, gogo wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, wa magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo. Amuna awo, a Shabani, amasoka zovala pakhonde lomwelo. Mwamuna m'gulumo ndi mmodzi yekha, wakoyo. Anamupatsa kiyi mmodzi poti ndi mlonda, ndipo amamuitana kuti "achemwali a Makawa," iye n'kumavomera. Potsegula msonkhano amaimba nyimbo akuomba m'manja. Iye ndiye woimba besi.

Nditayamba kulankhula anandilipiritsa K500 chifukwa cholankhula osakweza dzanja. Ine mlendo! Ndinalipira, ndinakweza dzanja, ndinafotokoza zonse, kuyambira supuni yopanda phiri mpaka chikhakha. Pomaliza ndinati, "Ndipo mwamuna wa pafoni uja ndi Hopewell wa kabaza. Anagula foni imene inu nomwe munailetsa kuimba."

Ngakhale makina a a Shabani anaima. Kenaka alamu anati, "Anagulitsa zingati?"

Mayi wina anamugenda ndi patapata.

Mayi Saida anavula magalasi. Anati, "A Makawa, ife tinakuphunzitsani kusunga chotsala, osati kulanda chimene chili kale m'kamwa mwa mkazi wanu. Ine ndimamwa tiyi wa masupuni awiri, ndipo malata mukuwaonawa anachokera m'bokosi lomweli. Malamulo anuwo munakambirana ndi mayi a kunyumba?"

Alamu anati, "Ndinawadziwitsa."

Gogo uja anati, "Kudziwitsa timadziwitsa maliro."

Alamu ananyamuka, anapita kuseri kwa nyumba, anakhalako nthawi yaitali. Pobwera maso ali psuu, akuti ndi utsi. Panalibe amene ankaphika.

Kalata yako ya Malichi yafika dzulo. Lole ya a Ashraf inafa injini, yagona pagalaja ku Luchenza miyezi iwiri, kalata ili pansi pa mpando. Alamu anayamba kuiwerenga ataimirira, anaimaliza atakhala pansi.

Chigamulo changa ngati nkhoswe ndi ichi. Mkazi wina palibe. Mmene akuonekeramu palibe mkazi angamutole, ngakhale utamuika pamsika ndi basela. Ndi wouma mutu, koma ndi wako, ndipo ndalama m'bokosimo zilimo, ndaona buku lake.

Ine ndikunyamuka mawa ndisanafe. Ndidutsa ku Likhubula chifukwa kuli alendo akundidikira, kalatayi ikupeza ndi a Ashraf. Ndinapempha ndalama ya basi, alamu andiuza kuti pamwamba pa lole mphepo ndi yabwino.

Mlongo wako,
Austin


Limbe,
9 Juni 2024

Okondedwa Mayi a Millie,

Ndinafika bwino. Mwendo uli bwanji? Kuzizira kwa chiperonichi musamauike pansi popanda chofunda.

Masiku awiri amene ndinali kumeneko ndinawerenga mawu amene munandiyankha. Munati "eya," munati "ayi," munati "ndowa ili apo." Sindikudandaula. Madzi ndinatunga mokondwa, ngakhale azimayi a pamjigo anandiseka.

Ndalingalira, ndipo ndaona kuti malamulo ena anatuluka mofulumira. Ndikubweretsa zosinthazi kwa inu kuti tikambirane. Mayi Saida akuti ndilembe mawu akuti "tikambirane" ndi zilembo zooneka.

Kabaza muzikwera nthawi iliyonse mukanyamula katundu. Mukapanda katundu muzikweranso. Shuga wa apongozi ndi wanu ndachotsapo dzanja. Alendo muziona nokha mmene abwerera, kupatula akuluampingo awiri aja. Za sopo ndikupempha kuti zikhale, chifukwa sopo sanathyole munthu mwendo.

Ine ndayamba kudya masana, gulu linavota. Nsapato ndagula pakaunjika.

Foni ndaiona ina ya mabatani, koma mtengo wake ukuposa umene munagulitsira ija. Sindikunena kanthu. Ndikungofunsa ngati ndigule.

Ndine mwamuna wanu ndithu,
Alufeyo


Milonde,
28 Julayi 2024

Bambo a Millie,

Moni. Chikhakha anachotsa. Ndikuyenda, kungoti mwendowo ukuoneka ngati wobwereka. Amayi ali bwino, ayamba kumwa tiyi wa masupuni atatu, akuti akubweza a miyezi ija.

Ndachedwa kuyankha dala, kuti mulawe.

Zosintha zanu ndavomera. Ndikuonjezapo chimodzi. Mukadzabweranso musadzakhudze chiwaya changa. Mandasi amene munakazinga ndi mafuta a m'kachivindikiro aja, Millie anayesa kugulitsa, anthu anafunsa ngati tayamba kuumba njerwa. Galu wa a neba anatenga limodzi, anakalikwirira.

Foni musagule. Ya Millie ilipo pakagwa zadzidzidzi, ndipo yanuyo izikhala yoyaka. Ine makalatawa ndawakonda. Mawu a pafoni mumawakana mawa lake, koma awa ndasunga onse m'chikwama cha Baibulo, makamaka ija ya Epulo. Ndidzawawerengera zidzukulu.

Dengu ndayambiranso. Othyola tiyi anandisowa. Fulawa akunditengera ndi Hopewell, ine ndimakhala kumbuyo ngati bwana. Mwini wake uja akuti ndikupatseni moni, ndipo akufunsa ngati mukufunabe kunyamulidwa.

Mayi Saida muwathokoze. Ndawapatsira nandolo watsopano ndi makaka. Zimenezo ndi zawo, musatapeko.

Ndine mkazi wanu,
Lines


Limbe,
8 Disembala 2024

Mayi a Millie,

Moni nonse. Ine thupi lili bwino, mtima ndiwo ayi.

Bokosi tinatsegula Lachinayi, tinagawana. Sindinajombe ngakhale mlungu umodzi, ndipo azimayi anandiimbira nthungululu. Ndinagona ndalama zili m'sokosi. M'mawa mwake ndinalowa m'sitolo muja, koyamba m'zaka zonsezi, osati ngati mlonda koma ngati wogula.

Mtengo wa malata wakwera kawiri chiyambireni chaka. Mu Januwale ndinawerengera malata 24. Ndalama zanga zakwanira 16. Ndinawerenga katatu, ndinapempha mnzanga wa pakauntala awerengenso, mwina makina ake ali ndi chifundo. Ndi 16 basi. Abwana anandionjezera misomali ndi kundigwira chanza.

Ndawaimika kuseri kwa sitolo, ndikuwalondera pamodzi ndi a anthu ena. Chaka chonse ndakuvutitsani, mwendo munathyoka, dzina langa linanyozeka kwa ankhoswe, mapeto ake denga la theka. Anthu a pa Milonde adzaseka mpaka Pasaka. Ndikuganiza zoti Khirisimasi ino ndisabwere, ndigwire ovataimu, tidzakhome chaka chamawa.

Mundiuze maganizo anu.

Alufeyo


Milonde,
13 Disembala 2024

Bambo a Millie,

Kwezani malatawo pa lole ya a Ashraf, inu mukhale kutsogolo. Mufike pa 20. Mmisiri ndamuuza kale.

Mudzere kwa ometa.

Lines


Milonde,
30 Disembala 2024

Achimwene,

Moni. Tamva kuti Khirisimasi munadyera m'phiri ndi alendo anu. Mwaphonya zambiri, ndiye khalani pansi ndikufotokozereni.

Alamu anu anafika pa 20, atameta, nkhope ili mbee ngati mbatata yosenda. Amayi sanawazindikirenso, anali atazolowera ndevu. Anatsitsa malata awo mwakachetechete, osayang'ana munthu kumaso. Ndinawasiya amwe kaye madzi. Kenaka ndinati, "Kanditengereni nkhuni kuseri kwa khola."

Anapita. Anachedwa kubwerako. Ndinawatsatira ndi mwendo wangawu, ndinawapeza ataima chilili, akuyang'ana malata asanu ndi atatu amene ndinabisa pansi pa mapesi. Ndinkagula limodzilimodzi ku Limbuli kuyambira Ogasiti, ndalama ya mandasi. Ine ndinkaona mmene fulawa akukwerera, ndinadziwa kuti malata sangakhale pansi kudikira bokosi la ku Bangwe.

Anawakhudza, anawagogoda ndi chala. Anati, "Awa ndi opyapyala pang'ono." Ndinati, "Akhomedwe kumbali yanu ya bedi."

Mulungu anatichitira chifundo, kunachita ng'amba masiku atatu. Mmisiri anasasula udzu, munatuluka makoswe, abuluzi ndi lumo la amayi limene linasowa kalekale. Pa 24 masana anakhoma msomali wotsiriza.

Mvula inabwera Lachisanu, cha m'ma 2 koloko masana, ija yochokera kuphiri yosachenjeza. Pakhonde panathawira anthu ochokera kumsika, mwina khumi. Ife tinali m'nyumba. Alamu anu anayamba kuyenda chipinda ndi chipinda, dzanja atatambasula, maso ali kudenga, kusaka dontho. Anakwera pampando, anagwada pansi, anasuzumira kuseri kwa kabati. Sanalipeze. Anabwera n'kudzaima pafupi nane pabalaza.

Achimwene, palibe anatiuza kuti malata amasokosa chonchi. Ngati ng'oma zana. Alamu anu anandiyang'ana, ananena kanthu.

Ndinati, "Mwati chiyani?"

Anabwereza, mokwezako.

Ndinaloza khutu. "Sindikumva!"

Anapuma mpweya wambiri, mitsempha ya m'khosi inatuluka. Ndipo mukudziwa mmene mvula ya kuno imachitira, imangoduka ngati munthu watseka mpopi. Inaduka nthawi yomweyo, mawu awo anatuluka okhaokha, omveka mpaka kumsika:

"NDIKUTI NDINAKULAKWIRANI, MAYI A MILLIE, PEPANI!"

Pakhonde mayi wina anayamba nthungululu, ena anaomba m'manja. Amayi kuchipinda kwawo anati, "Tamva, mkamwini, tamva tonse." Alamu anu analowa kuchipinda, sanatuluke mpaka anthu onse atapita.

Abwerera ku Limbe pa 2. Za chaka chamawa takambirana titakhala pamphasa imodzi, tikufuna simenti ya pansi. Nawonso akuti mubwere mudzaone nyumba, nkhuku ilipo, ndipo atsindika kuti ndilembe kuti ndi yathunthu.

Chinthu chimodzi chokha, achimwene, chikhale pakati pa inu ndi ine. Ndinamva koyamba komwe.

Mlongo wanu,
Lines